Nkhupakupa za Galu Zimakhala M'khoma

Kwa Nazombe, m'boma la Phalombe, galu ndi wantchito ngati wina aliyense pakhomo. Usiku amalondera khola la mbuzi, masana amaperekeza mayi ku munda wa nandolo, ndipo kwa amene amalima kufupi ndi phiri la Michesi, iyeyo ndiye amathamangitsa anyani. Malipiro ake ndi mkute ndi mitu ya matemba. Sitimugulira chakudya cha m'matumba monga amachitira anzathu a ku Namiwawa mumzinda wa Blantyre, ndipo palibe angatidzudzule pa zimenezo. Koma pali ngongole imodzi imene ambirife timalephera kumubwezera, ya nkhupakupa zomwe zimadzadza m'makutu mwake dzuwa la Okutobala likayamba kuswa mtengo.

Sikuti eni agalu amangokhala manja lende. Loweruka m'mawa ana amamupanikiza galu pansi n'kumamuzula nkhupakupa imodziimodzi, akuponya pabwalo pomwepo. Bambo amatulutsa kabotolo ka mankhwala kotsala ku dimba la tomato, kapena kogula pa Chiringa tsiku la msika, n'kusungunula m'ndowa. Galu wasamba, nkhupakupa zayoyoka, aliyense mtima pansi. Masabata awiri asanathe makutu aja adzadzanso, mwina kuposa kale, ndipo mlandu umagwera wogulitsa: "Mankhwala a masiku ano ndi madzi okhaokha." Nthawi zina n'zoona, achinyengo alipo. Koma kawirikawiri mankhwalawo amakhala atagwira ntchito yake bwinobwino. Anapha zonse zimene anazipeza pagalu. Kungoti pagalupo panali zochepa chabe.

Akatswiri amayerekeza kuti pakhomo pomwe nkhupakupa zakhazikika, mwa 100 zilizonse pafupifupi 5 zokha ndi zomwe zimakhala pathupi pa galu nthawi imodzi. Zina 95 zili m'ming'alu ya khoma, pansi pa chiguduli chomwe galu amagonera, m'mulu wa njerwa kuseri kwa nyumba. Ena ndi mazira, tina ndi tiana, zina ndi zikuluzikulu zongodikira kuti galu adutse. Wosambitsa galu yekha akulimbana ndi 5 zija, n'kusiya 95 zili phee.

Nkhupakupa yovutitsa pakhomo ndi yofiirira ija, imene asayansi amaitchula Rhipicephalus sanguineus. Zinzake zambiri zimafuna tchire ndi msipu, koma iyi ayi. Imatha kubadwa, kukula, kuswana mpaka kufa osachoka pakhonde, bola pakhomopo pakhale galu. Pa moyo wake imakwera galu katatu n'kutsika katatu. Ikangoswa imakhala kanthu kosakwana milimita imodzi, ka miyendo 6, koti m'bweya simungakaone. Kamayamwa masiku angapo, kugwa pansi, kukabisala n'kufundula. Katulukanso kali ndi miyendo 8, kukwera galu kachiwiri, kuyamwa, kugwa, kufundulanso. Ulendo wachitatu ndi wa yaikulu. Yaimuna situpa, imangoyendayenda pagalu kusaka zazikazi, n'chifukwa chake mukazula yotupa mumapeza kanzake kakang'ono katamatirira pansi pake. Yaikazi ndiyo imayamwa pafupifupi sabata yathunthu, mpaka kufufuma n'kufanana ndi njere ya nsatsi.

Ikakhuta imadzimasula yokha n'kugwa, makamaka pomwe galu amagona. Kenako imakwawa kusaka pobisala, ndipo khalidwe lake ndi lokwera m'mwamba, kutsata khoma mpaka kufupi ndi denga. Ikapeza mng'alu imaikira mazira okwana ngakhale 4,000, n'kufera pomwepo. Mazirawo amaswa pakatha masabata 2 mpaka 5. Kukamatentha, ulendo wonse kuchokera ku dzira kufika pa yaikazi yoikiranso mazira umatha kutenga miyezi iwiri yokha. Ndipo ndi yopirira njala modabwitsa: yaikulu imatha kupyola chaka osalawa magazi. Ndiye amene amati "ndingomupereka galuyu kwa achimwene, nkhupakupa zithe zokha" adziwe kuti zidzamudikira galu wotsatirayo. Tiana ta agalu tambiri timafa motero, titaikidwa kugona pamalo pomwe panagona galu wakale. Ana aja nawonso, poponya pabwalo nkhupakupa zotupa, amakhala akuziperekeza kokaikira mazira.

Wofuna kutsimikiza atenge tochi madzulo aunike khoma la pomwe galu amagona. Ayang'ane pakati pa njerwa pomwe dothi lomangira lagumuka, kuseri kwa felemu ya chitseko, ndi pamwamba pomwe khoma lakumana ndi mitengo ya denga. Penapake apeza kamulu ka timazira tofiirira, tonyezimira, tomatana, ndipo pambali pake chikhungwa chofwapa cha mayi wake. Penanso aona timadontho tikuyenda pang'onopang'ono kulowera m'mwamba. Nyumba zathu zambiri ndi za njerwa zosapulasitala, ndipo chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anasakaza kwambiri boma la Phalombe, anthu ambiri anamanganso mothamanga, pulasitala n'kudikira chaka chomwe nandolo adzagulidwe bwino. Mabwinja a nyumba zakugwa ndi milu ya njerwa zotola ili m'makomo ambiri, ndipo galu amakonda mthunzi wa pamenepo.

Yofiirirayi si yokhayo. Galu wopita kuuzimba kapena wotsatira mbuzi kubusa amabwera ndi zina za m'tchire. Pali yachikasu yotchedwa Haemaphysalis elliptica, imene tiana take timakulira pa mbewa ndi tinyama tina tating'ono. Palinso zamawangamawanga za mlomo wautali, za mtundu wa Amblyomma, zomwe timaziona pa ng'ombe ndi mbuzi, zosiya chilonda zikazulidwa. Izi siziswana m'khoma. Mankhwala ake ndi chikwakwa ndi kumuyang'ana galu akabwera koyenda. Nkhufi, zija zimaluma usiku n'kubwerera m'dothi la nyumba kapena m'khola la nkhumba, ndi fuko lina, ndipo mbiri yake ndi yoipa payokha: zimapatsa anthu matenda otentha thupi mobwerezabwereza, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ofufuza anapeza kachilombo ka chigodola cha nkhumba mu nkhufi za m'makola a ku Mchinji. Nthata nazo zimayenda ndi galu, koma zimadumpha, nkhupakupa sidumpha ndipo siuluka.

Zikanakhala kuti nkhupakupa zimangoyamwa magazi, bwenzi nkhani yake ili yaifupi, ngakhale kuti kamwana ka galu zikakachulukira kamatha magazi mpaka kufa. Choopsa chenicheni ndi zomwe zimalavulira m'thupi poyamwapo. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2021, woyeza magazi a agalu m'mizinda ikuluikulu ya Malawi, anapeza tizilombo ta Babesia rossi, Babesia vogeli, Ehrlichia canis, Anaplasma platys ndi Hepatozoon canis. Mayinawo ndi olemera pa lilime, koma zizindikiro zake aliyense wosunga galu anazionapo.

Babesia amalowa m'maselo ofiira a magazi n'kumawaswa, monga amachitira tizilombo ta malungo mwa munthu. Galu amene dzulo amauwa usiku wonse, lero wangogona, nsima akungoinunkhiza. Thupi latentha. Mukatukula mlomo wake, nkhama zomwe zimayenera kukhala zofiirira mumazipeza zayera mbuu, kapena zachita chikasu, pamodzi ndi maso. Mkodzo umada, nthawi zina kufiira. Mtundu wa rossi, umene umabwera ndi nkhupakupa yachikasu ya m'tchire ija, ndi woopsa kwambiri kuno kumwera kwa Africa, umatha kupha galu wamkulu m'masiku ochepa. Kachilomboka kamadutsanso m'mazira a nkhupakupa, kotero mayi mmodzi wodwala amapatsira mbumba yake. Ehrlichia ndi wa pang'onopang'ono: galu amaonda ngakhale akudya, amatuluka kamfuno, pamimba pamaoneka timadontho ta magazi, ndipo amatha kuoneka ngati wachira, miyezi n'kupita, kenako n'kudzagwa. Hepatozoon amalowa mwanjira ina, galu akameza nkhupakupa podzikanda ndi mano.

Imfa zotere zimadanitsa anthu. Galu akafa mwadzidzidzi ali wonenepa, mwini wake amathamangira kunena kuti wina wamupatsa tameki, ndipo diso limalunjika kwa mnansi yemwe anadandaulapo za nkhuku yake. Opatsa agalu chiphe alipo ndithu. Koma musanapite kukasuma kwa a mfumu, tukulani mlomo wa galuyo muone nkhama zake, mutembenuzenso makutu.

Mankhwala a matendawa alipo, koma si oti munthu azingoyesa yekha. Ufa wachikasu wa m'timapaketi wotchedwa Berenil, umene alimi a ng'ombe amaudziwa, umachizadi Babesia mwa galu. Komano mlingo wake ndi wothina kwambiri. Mukapyoza pang'ono, kapena kubaya kachiwiri patangopita masiku ochepa poona kuti galu sanadzuke, umawononga bongo, galu n'kuyamba kuzandima, kuuma miyendo, kufa. Paketi imodzi inapangidwira ng'ombe yolemera makilogalamu mazana, pomwe galu wa kumudzi kawirikawiri sapyola makilogalamu 20. Jakisoni ameneyu abaye a vetenale, atamuyeza galuyo pa sikelo, ngakhale sikelo yogulira nandolo. Ehrlichia amafuna mapiritsi a doxycycline masiku 28 osadumphitsa, ndipo ambiri amasiya tsiku lachisanu galu akayamba kudya.

Anthu nawo sali pabwino kwenikweni. Nkhupakupa yofiirira imakonda galu kuposa munthu, koma ofufuza a pa University of California, Davis anaonetsa mu 2020 kuti kutentha kukafika cha m'ma digiri 38, imayamba kulunjika kwa munthu kwambiri kuposa masiku ozizira. Kutentha koteroko si kwachilendo m'chigwa cha Phalombe mvula isanagwe. Yofiirira ndi zamawangamawanga zija zimafalitsa tizilombo ta Rickettsia. Munthu amatentha thupi, mutu kuwawa, kuphwanya m'thupi, mwanabele kutupa, ndipo pomwe analumidwa pamachita kachilonda ka nkhanambo yakuda. Amapita kukayezetsa malungo, osawapeza, ena n'kugula mankhwala a malungo a LA kugolosale, osasintha kanthu. Amene waona kachilonda kotere pa mwana, makamaka m'mutu, kuseri kwa khutu, m'khwapa kapena m'mphechepeche, akauze adokotala mosabisa kuti pakhomo pali nkhupakupa. Mawu amenewo okha amatha kusintha mankhwala omwe apatsidwe.

Kuzula kuli ndi luso lake. Igwireni pafupi penipeni ndi khungu, pamutu osati pamimba, ndi kachitsulo kopanira, kapena mangani kaulusi pamenepo, n'kukoka pang'onopang'ono molunjika, osapotokola. Mukafinya mimba yake mumakankhira zam'kati mwake m'thupi la galu. Kuiotcha ndi chikuni kapena kuithira parafini ili pakhungu kumachitanso chimodzimodzi. Zozulazo ziponyeni pamoto kapena m'kachitini ka parafini, osaziphwanya ndi zikhadabo, ndipo musambe m'manja ndi sopo. Poyang'ana yambani m'makutu, m'makwinya onse, kenako m'khosi, pakati pa zala, m'khwapa ndi pansi pa mchira. Kuchita izi tsiku lililonse kuli ndi phindu lake, pakuti Babesia amafuna kuti nkhupakupa iyamwe tsiku limodzi kapena awiri asanalowe m'magazi. Ehrlichia yekha ndiye sachedwa, maola ochepa amamukwanira.

Pa mankhwala osambitsira m'pamene agalu ambiri amafera m'manja mwa eni ake. Mankhwala a thonje, a fodya, a mbozi za m'chimanga, Actellic wosungira chimanga, onsewa amapha nkhupakupa, inde, koma sanapangidwire khungu la nyama yomwe imadzinyambita. Galu wotero amayamba kuchucha dovu, kunjenjemera, kutsekula m'mimba, ndipo anthu akaona dovulo amakuwa kuti chiwewe, n'kumumaliza ndi zibonga. Oyilo wakutha wa galimoto, amene ena amapaka m'makutu, amawotcha khungu ndipo galu amamumeza. Timabotolo topanda chizindikiro chilichonse togulitsidwa pansi pamsika, pamodzi ndi ena olembedwa Chipwitikizi chokhachokha omwe amalowa kuchokera ku Mozambique, ali ndi vuto limodzi: simudziwa chili m'katimo, ndiye simungadziwenso mlingo wake. Dziko lino lili ndi bungwe la Pesticides Control Board, lomwe likulu lake lili ku Bvumbwe, lokhazikitsidwa pansi pa lamulo la mu 2000, ndipo mankhwala ovomerezeka amayenera kukhala m'botolo lake lenileni, malangizo ali pomwepo.

Odziwika kwambiri m'masitolo a zaulimi ndi a dibi ya ng'ombe okhala ndi amitraz, ogulitsidwa ndi mayina monga Triatix ndi Taktic. Amitraz amagwira bwino nkhupakupa, amazichititsa kumasuka zokha. Koma mlingo wa galu aufunse mlangizi wa ziweto, osayezera ndi chitsekerero mwa kuganiza kuti kuwonjezera pang'ono ndiko kulimbitsa. Sayenera kukhudza mphaka, tiana ta agalu, galu wodwala kapena woyamwitsa. Akachuluka galu amafooka, kuwodzera, kuzizira thupi. Osungunula amafooka msanga m'madzi, choncho otsala lero sagwira sabata yamawa. Wosambitsa avale magulovesi, ngakhale majumbo awiri m'manja, achitire panja, atalikire chitsime ndi mjigo, ndipo munthu wodwala shuga asawagwire. Ntchitoyi si ya ana. Mankhwala a permethrin, omwe amapezeka m'sopo ndi timadontho tina ta agalu, ndi chiphe kwa mphaka.

Ku zipatala za ziweto mumzinda kuli njira zatsopano. Pali timadontho ta fipronil tothira pakhosi mwezi uliwonse, makolala ena ogwira ntchito mpaka miyezi 8, ndi mapiritsi otafuna amene anayamba kugulitsidwa cha m'ma 2014, monga NexGard wa mwezi umodzi ndi Bravecto wa miyezi iwiri kapena itatu. Mapiritsiwa ubwino wake ndi woti mankhwala amakhala m'magazi, galu anyowe ndi mvula kapena awoloke mtsinje, nkhupakupa iliyonse yomuluma imafa. Pakhomo podzadza nkhupakupa, galu wotero amasanduka msampha: zonse zotuluka m'khoma zimathera pa iye zisanaikire mazira. Koma tisanamizane, mtengo wake ndi woti mlimi wa kwa Nazombe angasankhe thumba la feteleza, ndipo sindingamutsutse. Amene ali ndi mwana wogwira ntchito ku Blantyre kapena ku Johannesburg, wokonda kufunsa kuti ndikutumizireni chiyani, piritsi limodzi mu Seputembala si pempho lopusa.

Nanga ombwe? Alimi ambiri amaudziwa, ena amati mthuthu, ndipo anaudzala m'minda pofuna kubwezera chajira m'nthaka. Masamba ake osinja, oviika m'madzi usiku wonse n'kusefa, amapha nkhupakupa chifukwa ali ndi mankhwala a mtundu wa rotenone. Koma ofufuza omwe anayeza ombwe wa m'Malawi anapeza mu 2012 kuti alipo wa mitundu iwiri yofanana maonekedwe, ndipo wina alibiretu mankhwalawo. Ndiye pamene wina akulumbira kuti ombwe amagwira, mnzake n'kumati ndi bodza, onse awiri atha kukhala akunena zoona. Yesani kaye: ikani nkhupakupa zingapo m'madziwo muone mawa lake. Mphamvu yake imatha msanga padzuwa, choncho umafuna kubwereza sabata iliyonse. Galu asamwe madziwo, ndipo otsala asatayidwe mumtsinje kapena padamu, chifukwa amapha nsomba.

Tsopano tibwere ku khoma, komwe kuli 95 zija. Ntchito ya pano yambiri siifuna ndalama, imafuna thukuta, ndipo iyenera kuchitika tsiku lomwelo lomwe galu akusamba. Mukasambitsa galu lero n'kukonza malo ake sabata yamawa, mwamubwezera m'khamu la zanjala. Chiguduli chogonera chiotchedwe, musachikung'unthire pabwalo. Pansi pomwe amagona pathiridwe madzi owira, mpaka m'mphepete mwa khoma. Sesani khonde lonse, zinyalalazo zipite pamoto osati kudzala. Kenako ming'alu yonse imatidwe. Amene ali ndi simenti apulasitale ngakhale mbali yokhayo ya khonde. Amene alibe, dothi lokanda bwino limakwanira, ndipo amayi omwe amazira nyumba zawo kawirikawiri, pansi ndi m'makoma momwe, amakhala akukwirira mazira ambirimbiri osadziwa. Laimu pamwamba pake amatseka timabowo totsala, komanso pakhoma loyera nkhupakupa imaonekera patali.

Ngati mwapeza mankhwala ovomerezeka opopera nyumba, poperani khoma kuyambira pansi mpaka ku denga, m'ming'alu ndi kuseri kwa mafelemu. Kupopera pabwalo poyera, pomwe dzuwa limawomba tsiku lonse, ndi kutaya ndalama, nkhupakupa sizikhala pamenepo. Ufa, ndiwo, ziwiya ndi madzi akumwa zitulutsidwe kaye, ana ndi nkhuku atalikire mpaka pauma. Ndipo kamodzi sikakwanira. Mazira obisika mkati mwa mng'alu mankhwala sawafika, amadzaswa pambuyo, n'chifukwa chake anthu amaona ngati anagula madzi. Bwerezani pakatha masabata awiri aliwonse kwa miyezi iwiri kapena itatu, galu nayenso akutetezedwa nthawi yonseyo. Apa m'pamene ambiri amagonjera, pakuti sabata yachitatu galu amaoneka woyera ndipo kumunda kwayamba kusosa.

Pabwalo sipovuta. Mulu wa njerwa, nkhuni ndi mapesi zichoke pafupi ndi pogona galu. Udzu wa m'mbali mwa mpanda ndi m'njira ya ku chimbudzi utchetchedwe. Pansi pa nkhokwe, pomwe agalu amakonda kubisala dzuwa, pasesedwe. Nkhuku zisiyeni zizipalasa, zimatola nkhupakupa zotupa. Ofufuza ku Kenya anazipeza zambirimbiri m'zithokomiro za nkhuku zoyenda pakati pa ng'ombe. Chinthu china chothandiza ndi kumupatsa galu malo amodzi okhazikika ogona, otalikirako ndi chipinda cha ana, osalala, osavuta kusesa. Galu wogona paliponse amamwaza nkhupakupa paliponse.

Mutachita zonsezi pangatsale vuto limodzi, lomwe ndi lalikulu kuposa onse: galu wa kumudzi alibe malire. Usiku amayendera makomo asanu, nthawi yokwerana amatha kukafika mudzi wachitatu, ndipo agalu a eni ake amadzagona pakhonde panu. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Umboni woti ntchitoyi imatheka pogwirizana unachokera kutali, ku Arizona m'dziko la America. Kuyambira cha m'ma 2003, m'midzi ya eni nthaka kumeneko anthu, makamaka ana, ankafa ndi matenda a Rocky Mountain spotted fever, omwe kuno kulibe, koma wowafalitsa anali nkhupakupa yofiirira yomweyi, pa agalu oyenda momasuka ngati athuwa. Mu 2012 mudzi wina wa nyumba pafupifupi 600 unagwirizana ndi akatswiri a zaumoyo. Galu aliyense anavekedwa kolala ya mankhwala, makomo onse anapoperedwa mwezi ndi mwezi. Patatha miyezi 5, agalu opezeka ndi nkhupakupa sanakwane mmodzi pa 100 aliwonse, pomwe kunja kwa dera la ntchitoyo anali 64 pa 100.  Chachikulu chinali choti anachita onse, nthawi imodzi.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Akuluakulu akukumbuka masiku omwe boma linkayendetsa madibi, ng'ombe zonse za dera n'kumapita tsiku limodzi, wosapititsa n'kuyankha mlandu. M'zaka za m'ma 1990 udindowo unasiyidwa m'manja mwa alimi, ndipo madibi ambiri anauma, ena anamera mitengo. Ukatswiri wa nkhupakupa m'dziko muno ulipo: ku Lilongwe kuli Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, komwe amapanga katemera wa matenda a ng'ombe a East Coast fever wotumizidwa m'mayiko angapo, ndipo sukulu ya ukachenjede ya LUANAR tsopano imaphunzitsa madokotala a ziweto. Koma maso onse ali pa ng'ombe, poti ng'ombe ndi chuma. Galu amakumbukiridwa pa chiwewe pokha. Ngakhale pamenepo pali phunziro: chiyambireni bungwe la Mission Rabies kubaya agalu ku Blantyre mu 2015, zaoneka kuti Amalawi akaitanidwa bwino amabwera ndi agalu awo mwaunyinji, ana atawamanga zingwe za mlaza ndi nsanza.

Ndiye palibe chifukwa choti tsiku la katemera wa chiwewe lizitha ndi jakisoni yekha. Agalu a mudzi wonse amakhala asonkhana kale, mlangizi wa ziweto ali pomwepo, ndipo tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse, 28 Seputembala, limagwa pomwe kutentha kukuyamba, nkhupakupa zisanachulukane. Botolo limodzi la mankhwala enieni, logulidwa mosonkherana ku sitolo yovomerezeka, limasambitsa agalu ambiri, ndipo mlingo woyeza mlangizi supha galu. Sipuleya imodzi ya kalabu ya alimi, yotsukidwa bwino, itha kuzungulira makomo onse m'masiku awiri.

Inu a mfumu ndi a komiti ya chitukuko cha m'mudzi, nkhaniyi ikwezeni pa msonkhano wotsatira, muitane mlangizi wa ziweto wa dera lanu, mugwirizane tsiku loyamba ndi masiku obwereza, muwalembe. Ndipo inu eni galu, musanagule botolo lina lililonse, kaunikeni khoma usiku uno.